Kusakaniza Mau a Nyimbo

Lero tikamba za ntchito imene mwini wake saoneka. Mukamva nyimbo pa wailesi kapena pa foni, mumatchula dzina la woyimba; ena mumadziwa ndi woyimba gitala yemwe. Koma pakati pa kamwa la woyimbayo ndi khutu lanu pamakhala munthu wina amene anasankha kuti ng'oma imveke motani, gitala ikhale patsogolo kapena pambuyo, ndiponso ngati mau a nyimboyo mudzawamva bwino kapena ai. Ameneyu ndiye wosakaniza mau. Masiku ano amagwira ntchito yake pa kompyuta, ndi tizida tina tosagwirika ndi manja totchedwa ma plug-in. Kuti timvetse tizida timeneti, tiyambe taona mmene ntchitoyi inkagwiridwira kale.

M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, munthu wina dzina lake Hugh Tracey anayenda m'maiko ambiri a muno mu Africa, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland, kujambula nyimbo za m'midzi ndi za m'migodi. Mmodzi wa anthu amene anagwira naye ntchito anali Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama m'chaka cha 1922, amene m'chaka cha 1950 analowa ntchito pa wailesi ya Central African Broadcasting Service ku Lusaka, nakhala woyimba ndi muulutsi wotchuka. Tracey ankajambula ndi maikolofoni imodzi yokha, ndipo ankaigwira m'manja. Akafuna kuti kalimba kamveke, ankaisendeza kufupi ndi zala za woyimba. Wotsogolera nyimbo akayamba, ankaitembenuzira kwa iye. Ng'oma ikakula mphamvu, ankaitalikira. Kumeneko kunali kusakaniza ndithu, koma kwa mapazi ndi mkono. Vuto lake linali lakuti chalowa chalowa. Ng'oma ikaphimba mau a amai oyimba, panalibe chochita china koma kuwapempha kuti ayambirenso.

Pambuyo pake kunafala matepi okhala ndi mizere yambiri. Woyimba anali ndi mzere wake, ng'oma wake, gitala wake, ndipo oyimba atapita kwao wosakaniza ankatsala pa tebulo lalikulu la mabatani, kukweza uyu, kutsitsa uyo, kufikira atakhutira. Mu Zambia muno, m'zaka za m'ma 1970, magulu oyimba ankajambulitsa ku Malachite ku Chingola ndi ku dB Studios ku Lusaka, ndipo kampani ya Teal ku Ndola inkaumba zimbale.

Pali chitsanzo chimodzi cha kwathu konkuno choonetsa bwino mphamvu ya wosakaniza. Gulu la Amanaz, limene linayambira ku Kitwe m'chaka cha 1973, linajambula chimbale chotchedwa Africa ku Malachite, ndipo chinatuluka m'chaka cha 1975 kudzera ku Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Wotsogolera kuyimba anali Keith Kabwe, amene dzina lake lifanana ndi la tauni yanu. Chodabwitsa n'chakuti chimbale chimenechi chinatuluka mitundu iwiri. Nyimbo n'zomwezo, oyimba ndi omwewo, koma kasakanizidwe n'kosiyana. Pa mtundu woyamba mau a woyimba ndi ng'oma zili pafupi, zouma, ngati anyamatawo akhala nanu m'chipinda chimodzi. Pa mtundu wachiwiri wosakaniza anathira mau obwerera ambiri, kotero kuti woyimba ndi ng'oma akumveka ngati ali kutali m'phanga, pamene magitala atulukira patsogolo mwaukali. M'chaka cha 2015 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso mitundu yonse iwiri pamodzi. Aphunzitsi, ngati mungapeze nyimbo ya Khala My Friend m'mitundu iwiriyi, iseweretseni m'kalasi popanda kuuza ana kanthu, kenaka muwafunse chimene chasintha. Ine ndimakonda woumawo, chifukwa ndimafuna kumva chimene munthu akunena. Koma alipo ambiri amene amakonda winawo, ndipo mkangano umenewu suli wofuna kupita nawo kwa mfumu.

Zida zogwirira ntchitoyi masiku amenewo zinali zazikulu ndi zodula. Chida china chopangira mau obwerera, chotchedwa EMT 140, chimene chinatuluka ku Germany m'chaka cha 1957, chinali chitsulo chopyapyala cha mamita 2 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, cholendewera m'bokosi. Mau ankachinjenjemeretsa, ndipo kunjenjemerako kunkajambulidwanso. Chinkalemera makilogalamu pafupifupi 270, ndiye kuti kuposa matumba 5 a chimanga a makilogalamu 50. Lero mnyamata wa m'komboni amene ali ndi laputopu yakale m'kachipinda ka kuseri ali nacho chofanizira cha chitsulo chimenecho, ndipo sichilemera ngakhale ngati nthenga. Zatheka bwanji?

Yankho lake ndi masamu, ndipo apa ana a Giredi 6 ndi 7 tcherani khutu. Mau ndi kunjenjemera kwa mpweya. Ikani chala pakhosi panu muyimbe, mudzamva kunjenjemerako. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemera kumeneku kukhala magetsi, ndipo kompyuta imayeza magetsiwo kambirimbiri, kawirikawiri ka 44,100 pa sekondi iliyonse, nilemba nambala imodzi pa kuyeza kulikonse. Motero mau a woyimba mmodzi m'nyimbo ya mphindi 3 amasanduka manambala pafupifupi 8 miliyoni ondondozana. Plug-in ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamalandira manambala amenewa, kuchita nawo masamu, n'kuwabweza. Kakachulukitsa nambala iliyonse ndi 2, mau amakwera. Kakagawa iliyonse ndi 2, mau amatsika. Kakakopera manambala onse, kuwachepetsa, n'kuwaphatikiza ndi anzao amene ali malo 22,050 kutsogolo, mudzamva mau akubwerera patapita theka la sekondi, monga phiri limayankhira mbusa. Palibe matsenga pamenepa. Ndi kuphatikiza ndi kuchulukitsa komwe mumachita pa bolodi, koma kochitidwa mofulumira kopambana.

Tsono plug-in payokha siyenda. Inu a ku Kabwe, kumene kuli likulu la Zambia Railways, mudziwa kuti ngolo ya sitima, ngakhale ikhale yatsopano chotani, imangokhala pa njanji kufikira mutu wa sitima utaikoka. Mutu umenewo ndi pulogalamu yaikulu yojambulira ndi kusakanizira nyimbo, monga Cubase, Pro Tools, Logic kapena FL Studio, imene inayambira ku Belgium ndi dzina lakuti FruityLoops nisintha dzina m'chaka cha 2003. Pulogalamu yaikuluyo imabwera ndi ngolo zakezake, koma munthu angathe kukatenga ngolo kwa wopanga wina n'kuilumikiza. Zimenezi zinafala kuyambira m'chaka cha 1996, pamene kampani ya Steinberg ya ku Hamburg inakhazikitsa muyeso wotchedwa VST, nilola anthu ena kupanga ma plug-in otsata muyesowo. Muyeso ndi chinthu chachikulu. Njanji ya Zambia ndi ya TAZARA zonse n'zotambalala mamilimita 1,067, n'chifukwa chake ngolo ingathe kuchoka ku Kabwe, kudzera pa Kapiri Mposhi, mpaka ku Dar es Salaam. Koma njanji yakale ya pakati pa dziko la Tanzania ndi ya mamilimita 1,000, ndipo ngolo yathu singakwerepo. Chimodzimodzi ndi ma plug-in: Cubase ndi FL Studio zimalandira VST, Logic imafuna muyeso wa AU, Pro Tools imafuna wa AAX. Munthu wogula plug-in asanafunse muyeso wake angataye ndalama pa ngolo yosakwera njanji yake.

Alipo ma plug-in ena amene opanga ake anawapatsanso kainjini kaokao, kuti aziyenda popanda pulogalamu yaikulu, monga kangolo kamene okonza njanji amayendera. Ofanizira zokuzira gitala, monga AmpliTube ndi Guitar Rig, ali otero, ndipo amathandiza woyimba gitala wa m'tchalitchi kuyeserera usiku ndi zomvera m'makutu osasokoneza anansi. Koma pofuna kusakaniza nyimbo yathunthu, ngolo zonse ziyenera kukhala kumbuyo kwa mutu umodzi. Ndipo zikachuluka pa laputopu yofooka, mau amayamba kudukaduka, monga sitima yolemedwa pa chitunda.

Ma plug-in alipo zikwizikwi, koma amene wosakaniza amawagwira tsiku ndi tsiku ndi a mitundu yowerengeka, ndipo ntchito ya uliwonse munaimvapo kale ndi makutu anu.

Woyamba ndi wosefa mau, amene akatswiri amamutcha EQ. Khutu la mwana limamva kunjenjemera kuyambira pa ka 20 kufikira pafupifupi ka 20,000 pa sekondi. Ng'oma yaikulu ndi gitala ya besi zimakhala pansi, pa ka 100 kapena kucheperapo. Zisekese, mluzu ndi malilime onga s ndi ts zimakhala pamwamba, pa zikwi zingapo. Usiku ku Chililalila, nyimbo ikamalira pa ukwati wa kutali, mumangomva du du du wa besi, mau a woyimba osamveka. Chifukwa chake n'chakuti makoma ndi mtunda zimameza mau apamwamba, pamene apansi amapyola. Makoma amenewo achita ntchito ya EQ. Wosakaniza amachita zomwezo mwadala: amachotsako mau apansi pa gitala kuti isalimbane ndi besi, kapena kuonjezako apamwamba pa woyimba kuti amveke. Yesani kulankhula mutatseka pakamwa ndi chikhato, kenaka muchotse. Mwasefa mau anu kawiri.

Apa pali nkhani yokhudza chinenero chathu. Kusiyana kwa phala ndi pala, kapena khola ndi kola, kuli pa kamphepo kakang'ono kotuluka pamilomo kapena pakhosi. Kamphepo kameneka n'kofooka ndipo kali pakati pa mau apamwamba aja. Wosakaniza akasefa mosasamala, kapena akalola magitala ndi zisekese kukaphimba, womvera amatsala akungoganizira chimene woyimba wanena. Kompyuta sidziwa Chinyanja, sidziwa Chibemba, sidziwa Chilenje. Amene angateteze kamphepo kameneka ndi munthu wodziwa chinenerocho, atatchera khutu.

Wachiwiri ndi kompuresa. Ganizani za mphunzitsi amene waika dzanja pa batani la wailesi: mau akakwera kwambiri amatsitsa msanga, akachepa amabwezera. Kompuresa ndi dzanja lotero, koma lofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Amathandiza kuti mwana wa mau ochepa ndi wa mau amphamvu amveke pamodzi. Akapyola muyeso, ng'oma imataya kugunda kwake, nyimbo yonse imakhala yaphokoso lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo khutu limatopa.

Wachitatu ndi reverb, mdzukulu wa chitsulo cha makilogalamu 270 chija. Mau amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mukaima mamita 17 kuchokera pa khoma lalitali n'kuomba m'manja, mau amapita ndi kubwera mamita 34, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo khutu limayamba kumva kuomba kuwiri. Khoma likakhala pafupi, mau obwerera amafika msanga n'kusakanikirana ndi oyamba aja, ndipo makoma anai, denga ndi simenti zonse zikamabweza, pamakhala kamchira kotsatira mau. N'chifukwa chake kwaya yomweyo imamveka yaikulu m'tchalitchi chopanda anthu, koma yochepa pansi pa mtengo. Plug-in ya reverb imawerengera makoma amene kulibe. Ingaike mwana woyimba m'kachipinda ka ku Makululu ngati ali m'holo yaikulu. Oyamba kumene ntchitoyi amaikonda kopitirira, chifukwa imabisa zolakwa, monga tsabola wambiri amabisira ndiwo zosapsa. Koma pobisa zolakwa imabisanso mau.

Kalumikizidwe ka ngolozi nakonso n'kofunika. Mukaika reverb patsogolo, kompuresa pambuyo, kompuresayo adzakweza kamchira kaja kufikira katamiza woyimba. Mukasinthanitsa, zotuluka zake n'zina. Zida n'zomwezo, koma ndondomeko yasintha nyimbo.

Tsopano tifike pa plug-in imene yabweretsa mikangano kuposa ina iliyonse. M'chaka cha 1997 Andy Hildebrand wa ku America, amene kale ankagwiritsa ntchito masamu a kunjenjemera kwa nthaka pothandiza ofufuza mafuta, anatulutsa Auto-Tune. Ntchito yake ndi kumva pamene woyimba waphonya, n'kukokera mau ake pa malo oyenera. M'chaka cha 1998 nyimbo ya Believe ya Cher inaigwiritsa ntchito mopyola dala, mau namveka ngati a makina, ndipo kuchokera pamenepo kamvekedwe kameneko kafalikira dziko lonse, mpaka m'nyimbo zambiri zimene mumamva m'mabasi ndi m'misika ya kuno.

Funso limene ndifuna kuti aphunzitsi mulisinkhesinkhe ndi ili: malo oyenerawo anawasankha ndani? Pa piyano kapena kiyibodi ya m'tchalitchi, kuchokera pa do wapansi kufika pa do wapamwamba pali masitepe 12 ofanana, ndipo Auto-Tune, ikasiyidwa monga inabwerera, imakokera mau onse pa masitepe amenewa. Koma makolo athu sanachune zoyimbira zao potsata piyano. Ulimba wa Asena ndi Amang'anja a kumunsi kwa mtsinje wa Shire ku Malawi umagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 olingana, kotero kuti mau ake ambiri amagwera pakati pa mabatani awiri a piyano. Tulimba ta Ansenga ndi ta Alala a ku Serenje ndi Mkushi nato timachunidwa ndi khutu la mwini wake. Hugh Tracey uja ankayenda ndi tizitsulo toyezera mau, nalemba machunidwe osiyanasiyana a mitundu ya anthu, ndipo sanawaone ngati zolakwa. Tsono tiyerekeze kuti agogo ena abwera ku situdiyo kudzayimba nyimbo ya pamtondo kapena ya maliro, imene mau ake amatsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pamwamba kufika pansi. Mnyamata wa pa kompyuta akangotsegula Auto-Tune mwachizolowezi, makinawo adzaona kutsetsereka konse ngati kuphonya, nadzadula mauwo kukhala masitepe. Nyimbo idzatuluka yosalala, agogo mwina adzaombera m'manja, koma chimene ana a zaka zam'tsogolo adzamva sichidzakhala chimene agogowo anayimba, ndipo palibe adzadziwe kuti panasintha kanthu. Kunena zoona, Auto-Tune ili ndi malo osankhira machunidwe ena, ndipo ingathe kufewetsedwa kapena kuzimitsidwa kumene. Chosowa ndi munthu wodziwa kuti pali chifukwa choizimitsira. Pa nyimbo zovina za achinyamata, kumene kamvekedwe ka makina kali mbali ya kukoma kwake, ine ndilibe nayo mlandu.

Chimodzimodzi ndi makonzedwe okonzeratu amene amabwera ndi plug-in iliyonse, okhala ndi maina onga akuti mau a mwamuna kapena ng'oma yaikulu. Amene anawakonza anali ndi woyimba wina, maikolofoni ina ndi ng'oma ina m'chipinda china. Ali ngati yunifolomu ya m'sitolo: poyambira pabwino, koma telala ayenera kuiyeza pa mwana. Besi ya kalindula ya chingwe ndi chikopa silira ngati besi yamagetsi ya ku London.

Pali zinanso zimene plug-in singathe kukonza bwino. Tambala akalira pakati pa nyimbo, kapena mvula ikagunda malata, phokosolo limalowa m'manambala omwewo pamodzi ndi mau a woyimba, ndipo ngakhale zilipo zida zoyesa kulichotsa, zimachotsako ndi mau ena abwino. Maikolofoni ikayandikira kwambiri mau n'kusweka, nsonga za manambala zimadulidwa. Nzeru ya Tracey yoyendetsa maikolofoni idakagwirabe ntchito. Bulangete lopachikidwa pa khoma limachepetsa mau obwerera a m'kachipinda popanda kulipira ngwee.

Za ndalama, sukulu isade nkhawa. Pulogalamu ya Audacity, imene inatuluka m'chaka cha 2000, ndi yaulere mwalamulo, ili ndi EQ, kompuresa ndi reverb zakezake, ndiponso imalandira ma plug-in a VST. Mapulogalamu akuba amene amayenda pa mafulashi ndi oletsedwa ndi lamulo, ndipo kawirikawiri amabwera ndi mavairasi oononga kompyuta. Samalaninso makutu a ana. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso la madesibelo 85 lisapitirire maola 8 pa tsiku, ndipo likakwerapo nthawiyo imachepa msanga. Mwana akavala zomvera m'makutu, mnzake wokhala pambali n'kumamva nyimboyo, ndiye kuti yakwera kwambiri, tsitsani.

Ntchito ya sabata ino sifuna kompyuta, ifuna foni imodzi yojambula mau. Sankhani nyimbo yaifupi imene kalasi lonse liidziwa, yokhala ndi wotsogolera, ovomera ndi ng'oma imodzi. Ijambuleni katatu. Koyamba ikani foni pa tebulo la aphunzitsi, ana ataima mmene afunira. Kachiwiri muike wotsogolera mapazi awiri kuchokera pa foni, ovomera kumbuyo kwake, woomba ng'oma kumapeto kwa kalasi. Kachitatu tulukani panja pansi pa mtengo, muime monga kachiwiri. Mukatha, itanani ana atatu a kalasi lina amene nyimboyo saidziwa. Aliyense amvere chojambula chimodzi chokha, kamodzi kokha, alembe pa pepala mau onse amene wamva. Mapepala atatuwo muwapachike pa bolodi, ana awerenge mau amene aliyense wapeza molondola, ndipo anene okha chimene chinameza otsalawo: ng'oma, makoma kapena mphepo.